Maina Amene Anatsalira mu Chingwe

Mukapita ndi kompyuta yanu kwa a Julio Zuze, kuseri kwa msika wa pa Petauke, mupite mutalimba mtima. Akaikonza sakupatsani msanga. Amaiyatsa, n'kuipatsa ntchito yotumiza chinthu, ndipo ntchitoyo ikafika pakati amagwira chingwe n'kuchizula. Mwini kompyuta akadandaula, iwo samucheukira n'komwe. Amabwezera chingwe chija, n'kukhala duu kuona chimene makinawo achite. Ena amati mutu wawo suyenda bwino. Koma khalidweli lili ndi kumene linayambira. Linayambira ku Nyimba, m'chaka cha njala cha 2002, Julio ali ndi zaka makumi atatu.

Julio anabadwira m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Anawoloka malire ali ndi zaka khumi ndi zisanu, nkhondo ili pachimake, ali ndi mayi ake ndi wailesi ya bambo ake. Bambowo anatsala m'mbuyo n'kunena kuti abwera mawa lake, ndipo sanabwere. Wailesi inafera pa njira. Pamsasa wa othawa nkhondo Julio anaimasula ndi mpeni, naiyang'ana m'kati masiku ambiri mpaka inalankhulanso. Ntchito yake inayamba motero.

Pamsasa pomwepo anaphunziranso china. Mwezi wina kalaliki wolemba maina a olandira ufa anasiya banja lawo. Mayi ake anaima pamzere kuyambira m'mawa, dzuwa n'kufika pamutu, maina onse n'kutha, lawo osamveka. Atadandaula anauzidwa kuti buku silikuwadziwa. Patapita masiku anaona ufa wa mtundu womwewo ukugulitsidwa m'timbale kuseri kwa nyumba ya kalaliki uja. Julio sanaiwale. Kuyambira pamenepo munthu aliyense wogwira mndandanda wa maina ankamuona ngati mbala imene sinagwidwe.

Nkhondo itatha malole anabwera kudzatenga anthu. Mayi ake anakana kukwera. Anali atalima kale dimba ku Nyampande, ndipo anati kwawoko kulibe woti akamupeze. Julio anapita pa Petauke kukafuna ganyu. Anayamba ndi kukonza jenereta pa ofesi ina ya othandiza anthu, ndipo eni ofesiyo pochoka anamusiyira kompyuta yokalamba ndi mabuku ake awiri. Chingerezi anachiphunzirira m'mabuku amenewo. Anali wamtima wapachala, wosakonda macheza. Msilikali wa pa malire anamunamizapo, kalaliki anamunamizapo. Makina okha ndiwo anali asanamunamizepo, choncho anawakonda.

Njala itafika, bungwe lina la mpingo linayamba kugawa chimanga m'midzi. Ofesi yaikulu inali pa Petauke, ndipo woyang'anira anali a Fabian Mvula, munthu wa taye ngakhale m'mwezi wotentha. Ku Nyimba kunali kaofesi ka chipinda chimodzi. M'menemo munkagwira ntchito amai Ezelina Njobvu, amasiye, amene kale ankatayipa makalata pa kampani ya boma mpaka pamene kampaniyo inagulitsidwa antchito n'kubalalika. Mapepala a maina ankabwera pa njinga kuchokera kumidzi ya ku Nyalugwe. Amai Njobvu ankawalemba mu kompyuta n'kutumiza ku Petauke kudzera pa chingwe cha foni. Ku Petauke mtsikana wa mu ofesi, Rabecca, ankasindikiza mndandandawo n'kuupereka kwa a lole.

Pulogalamu yotumizirayo anaipanga ndi Julio. Sanailembe yonse yekha. Mbali yonyamula zinthu pa chingwe anaitenga pa intaneti. Unali mtolo wa malangizo olembedwa kale, umene anthu opanga mapulogalamu amagawana kwaulere, ndipo amautcha laibulale. Eni ake anali kutali, ku Ulaya. Analemba okha kuti foni ikaduka pakati pa ntchito, laibulale imaimbanso n'kupitiriza pomwe inalekera. Julio ananyadira kwambiri mawu amenewo. Tsiku loika makina ku Nyimba anawaloza ndi chala kuti amai Njobvu awaone.

Vuto linayamba mu Ogasiti. Lole inafika ku Nyalugwe, maina anaitanidwa, ndipo mabanja khumi ndi anayi anatsala chiimire. Mwezi wotsatira anatsala ena, a mudzi wina. Chisankho chinali chitangochitika kumapeto kwa chaka chapitacho, ndipo mitima inali isanazizire. Ena anati mai wa ku Nyimba akufafaniza amene anavotera chipani china. Ena anati matumbawo akuthera kwa ogulitsa a m'mphepete mwa msewu, pamene mabasi amaima kuti anthu agule nthochi. Pa msika wa Nyimba anthu anayamba kuleka nkhani amai Njobvu akamadutsa.

A Mvula anaitanitsa msonkhano wa komiti ya bungwe pa Petauke. Amai Njobvu anakhala pa mpando wa pakona, chikwama chili pamiyendo.

"Tiuzeni, amai," anatero a Mvula. "Maina aya apita kuti?"

"Ninalemba onse, bambo. Ali mu kompyuta yanga. Bwelani mukaone."

"Alimo lelo. Tsiku lotumiza analimo?" A Mvula anatembenukira kwa Julio. "A Zuze, inu ndinu eni makina. Angataye maina panjila?"

Julio anayang'ana amai aja, ndipo amene anamuona anali kalaliki wa pamsasa.

"Makina sadya chimanga, bambo. Sali mu chipani. Chimene chafika kuno ndiye chimene chinatumizidwa."

"A Zuze," anatero amai Njobvu motsitsa mawu, "munaniona nikuchotsa?"

"Sinifunika kuona."

Nkhani inathera pamenepo. Anagamula kuti amai Njobvu asiye ntchito kumapeto kwa Okutobala, ndipo Julio apite Lachinayi akaime pamene akutumiza mndandanda womaliza, kenako abwere nayo kompyutayo.

Anakwera basi ya m'mawa. Pofika ku Nyimba dzuwa linali litaswa kale mtengo. Kompyuta anaipeza itafunditsidwa chitenje kuopa fumbi. Amai Njobvu anamulonjera mwaulemu, namupatsa madzi m'kapu yachitsulo, ngati kuti palibe chimene chinachitika. Zimenezo zinangomuwonjezera mkwiyo. Anaima kumbuyo kwawo, manja atapinda, n'kuwerenga yekha mizere pa galasi la kompyuta. Mabanja anali mazana atatu ndendende. Kabokosi kolumikiza kompyuta ndi foni, kotchedwa modemu, kanalira kulira kwake kwa ngati nkhululu, ndipo mndandanda unayamba kupita pang'onopang'ono.

Utafika pakati, pakhomo panaima bambo wachikulire, njinga ili m'manja, fumbi mpaka m'mawondo. Anavula chipewa. Anali a Jethro a ku Nyalugwe. Mwana wawo wamkazi anali atamwalira mbandakucha. Mwamuna wa malemuyo ankagwira ntchito ku Lusaka, ndipo foni ya kuntchito kwake sankaiyankha ikakwana nthawi ya nkhomaliro. Inali itatsala pang'ono kukwana.

Amai Njobvu sanafunse munthu. Anawerama, nazula chingwe ku modemu, nachilowetsa ku foni, n'kupereka foniyo kwa mkulu uja ndi manja awiri.

"Mukuchita chiyani?" anatero Julio.

"Malilo, bambo."

"Makina ali pa ntchito. Simukuona?"

"Nikuona. Nao mtembo uli pa dzuwa ili."

Julio anadikira mpaka a Jethro atamaliza kulankhula, atathokoza, atatuluka.

"Lamulo la a Mvula mumalidziwa. Foni iyi si ya anthu wamba."

"Nimalidziwa. Kuno kulibe foni ina imene munthu wa kumudzi angapemphe. Lamulo la a Mvula lipite lokha likauze bambo aja kuti mwana wao adikile."

"Mwachita zimenezi kangati?"

"Chaka chino? Kaweleni manda." Anabwezera chingwe ku modemu. "Ndipo ndinu munaniuza kuti akaduka amapitiliza pomwe analekela. Munanionetsa na chala chanu."

Modemu inaliranso. Patapita kanthawi pa galasi panabwera mawu akuti zonse zapita bwino. Julio anawayang'ana mawuwo. Kwa nthawi yoyamba sanawakhulupirire kwenikweni. Anazula chingwe yekha, naimba ku Petauke.

"Rabecca, afika angati?"

Panamveka phokoso la mapepala. "Mazana awili makumi asanu na atatu, na atatu."

"Welenganso."

"Nawelenga kawili, a Zuze. Koma amai anuwo kutaipa kwao. Pali wina pano ati Sophia Mukala. Munamvapo anthu a kwa Mukala ku Nyalugwe?"

Julio anayendetsa chala pa galasi. Pa mzere wa 141 panali Sophia Mumba. Pa mzere wa 158 panali Febian Sakala. Ku Petauke kunafika mutu wa dzina loyamba utalumikizidwa ndi mchira wa dzina linalo, ndipo onse a pakati pa awiriwo kunalibe. Anakumbukira kuti maina otere anawaonapo pa mindandanda ya Ogasiti ndi Seputembala, ndipo anaseka, n'kunena kuti mai wa ku Nyimba zala zamukalambira.

Anabwezera foni pamalo pake. Amai Njobvu anali atayamba kale kupinda chitenje chija.

"Kompyuta ikhale," anatero Julio.

"Tengani. Nidye nayo?"

Julio anatuluka osapepesa, osatsanzika, nakaima pamsewu pa dzuwa, ogulitsa nthochi akumuitana iye osamva. Anali atakwiya, koma tsopano sankadziwa woti amukwiyire.

Lachisanu m'mawa anatsegula laibulale ija n'kuyamba kuiwerenga mzere ndi mzere, chinthu chimene anayenera kuchita asanaikhulupirire. Magetsi anathima kawiri. Madzulo ake anapeza pamene panali pobowoka. Laibulale inkawerenga zilembo zimene yapereka kwa modemu n'kumaziona ngati zafika. Koma modemu simeza nthawi yomweyo. Imasunga zina m'kamwa, n'kumazitumiza pang'onopang'ono monga chingwe chikulolera. Chingwe chikazulidwa, za m'kamwazo zimatayika. Ikaimbanso, laibulale sinkafunsa kompyuta ya ku Petauke kuti yalandira zingati. Inkangoyambira pa chiwerengero chake, n'kumaliza, n'kulengeza kuti zonse zapita. Pambali pa mzere wolakwikawo wolemba wake anasiyapo kamawu kakuti foni siduka kawirikawiri.

Julio anamenya tebulo, kapu ya Rabecca n'kugwa.

Analembera eni laibulale kalata ya pa kompyuta, m'Chingerezi chake cha m'mabuku. Yankho linabwera Lolemba, la mizere itatu. Munthu wa ku Ulayayo anati iwo ayesa ndipo vutolo sakuliona. Anati Julio akugwiritsa ntchito laibulale yakale, atenge yatsopano. Anamalizira ndi kulangiza kuti si bwino kuzula chingwe makina ali pa ntchito.

"Ati chiyani?" anafunsa Rabecca ataona nkhope yake.

"Ati anthu aleke kufa nthawi ya ntchito."

Anatenga yatsopanoyo. Inadya masana onse pa foni ya ofesi, a Mvula akuzungulirazungulira ndi kufunsa kuti foni imasuka liti. Kenako panabwera ntchito ina. Zolemba za laibulale ndi mawu chabe, ndipo kuti makina azimve pamafunika pulogalamu ina izisandutse. Ntchito imeneyi amaitcha kumanga. Laibulale yatsopano inakana kumangika. Galasi linadzaza madandaulo. Inkafuna zinthu zopezeka pa makompyuta atsopano okha. Inkafunafuna mbali ina yobisira mauthenga, imene Julio analibe nayo ntchito, ndipo ikaisowa inkangoima. Chomangira cha Julio chinali chakale, chosadziwa kalembedwe katsopano. Akatseka dandaulo limodzi ankatuluka awiri. Anawalemba papepala n'kumawadula limodzilimodzi, ndipo anafika makumi anayi ndi mphambu. Nkhomaliro ankaiwala. Rabecca anasiya kumulankhula chifukwa ankangoyankha mokalipa.

Lachitatu masana inamangika. Anaiyesa, nazula chingwe pakati. Maina anatayikanso chimodzimodzi. Eni ake anali atasamutsa bowo lija lonse kuchoka mu yakale kulowa mu yatsopano.

Kukonza kwenikweniko kunali mizere isanu ndi inayi. Laibulale ikaimbanso, iyambe yafunsa wolandira kuti ali ndi zingati, ndipo iyambire pamenepo. Ikamaliza, iyerekeze kutalika kwa zimene zatumizidwa ndi zimene zafika, ndipo zikasiyana isanene kuti zapita bwino. Anayang'ana mizere isanu ndi inayi ija nthawi yaitali. Inali yaifupi kuposa mndandanda wa mabanja amene anabwerera ndi matumba opanda kanthu.

Analowa mu ofesi ya a Mvula osagogoda, nafotokoza zonse. A Mvula anamvetsera akusewera ndi cholembera.

"Ndiye kuti mai uja amazula chingwe."

"Sanabe."

"Amapatsa anthu foni ya bungwe. Waphwanya lamulo. Mwanipeputsila ntchito, a Zuze. Achoka ndithu."

"Mvula ikagwa chingwe chimaduka chokha. Chikanataya maina chimodzimodzi. Cholakwa ni cha makina, na ine amene ninawaika."

"Komiti inagamula kale. Nikaime pamaso pao ninene kuti tinalakwa? Mukufuna kunichititsa manyazi?"

"Itanani komiti," anatero Julio. "Mukapanda kuitana, mailo nipita kwa amai abusa nekha."

Komiti inakumana Lachisanu pabalaza pa nyumba ya abusa, chifukwa ndi pokhapo panali foni yachiwiri. Wapampando anali amai Jennipher, akazi a abusa, munthu wonenepa wosathamangira kulankhula. Julio anaika kompyuta patebulo pakati pa maluwa a pulasitiki. Anatenga mndandanda wakale, ndipo pakati pake analowetsapo maina a onse amene anali m'chipindamo. Rabecca anatsala ku ofesi kuti alandire ndi kusindikiza.

Anayamba ndi pulogalamu yakale. Mndandanda utafika pakati, analoza chingwe.

"Zulani, a Mvula."

"Ine?"

"Inu. Kuti pasakhale wonena kuti nachita matsenga."

A Mvula anazula. Julio anabwezera. Makina anaimbanso, namaliza, nalengeza kuti zonse zapita bwino. Rabecca anabwera ndi pepala. Julio anapempha onse aimirire, ndipo amene wamva dzina lake akhale pansi, monga amachitira pa lole. Anaitana maina mokweza. Anthu anakhala mmodzimmodzi. Atamaliza, atatu anali chiimire, ndipo mmodzi mwa iwo anali a Mvula.

"Lanu mulibe, bambo," anatero Julio. "Ndinu munagwila chingwe. Thumba lanu mwagulitsa kwa ndani?"

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Julio sanaseke. Anaika pulogalamu yokonzedwa, ndipo anazula chingwe katatu ndi dzanja lake. Pepala linabwera lili ndi maina onse.

A Mvula anakonza taye. "Chabwino, sanabe. Koma lamulo la foni lilipo."

Amai Jennipher anawatembenukira. "A Mvula, mu Juni pamene tinataya alongo anu, ku Kitwe munaimbila pa foni iti?"

A Mvula anakhala pansi.

Julio ndiye anatumidwa kukapereka ku Nyimba kalata yowabwezera amai aja pa ntchito. Anawapeza amai Njobvu pakhomo pawo akusankha nyemba m'lichero. Amaiwo anawerenga kalatayo, naipinda, naiika pansi pa mwala.

"Ntchito ni yanu, mungapatse amene mufuna. Dzina ni langa. Mwana wanga ku sukulu anzake akumuitana mwana wa kawalala. Kalata iyi ikawelengedwa kuti?"

"Komiti yonse yamva."

"Komiti siidya ku Nyalugwe. Amene anabwelela na matumba opanda kanthu ali kuja. Munanena pamaso pa anthu kuti makina sanama. Mukanene pamaso pa anthu kuti ananama."

Julio anafuna kuyankha mwaukali monga mwa chizolowezi chake. Koma anangovomera ndi mutu.

Tsiku logawa chimanga anakwera lole pamodzi ndi amai Njobvu, aliyense mbali yake. Msewu wa ku Nyalugwe unali wa mabampu. Anthu anali atasonkhana pabwalo la sukulu, matumba opanda kanthu ali m'manja. Ataona amai Njobvu akutsika, phokoso linatha. Julio anatsala pamwamba pa lole, pa matumba, n'kuyamba kulankhula. Anafotokoza za chingwe, za modemu ndi zimene imasunga m'kamwa. Anaona kuti palibe akumva. Analeka.

"Amai awa sanachotse dzina la munthu," anatero. "Analemba onse. Maina anataika mu makina amene ninaika ine. Atanifunsa ngati makina angataye, ninakana, osayesa. Ninawanamizila."

Kenako mai wina wowonda, mwana ali kumsana, anatulukira kutsogolo. Anali Sophia Mumba.

"Manje tikwiile ndani, bambo? Makina?"

"Kwiilani ine."

"Mkwiyo tiphika?" Anamuyang'ana kuyambira kunsapato. "Apongozi anga anawasiya mu Ogasiti. Anadya mizu masabata atatu. Inu munali kuti?"

"Ninali mu ofesi."

"Ni zimenezo," anatero Sophia, nabwerera pamzere.

A Jethro, amene anaimba foni ya maliro tsiku lija, anatuluka pagulu pang'onopang'ono. Anapita kwa amai Njobvu, navula chipewa, nawagwira dzanja. Ena awiri atatu anatsatira. Ambiri sanasunthe. Tsiku limenelo amai Njobvu ndiwo anaitana maina, okha, ndi mawu osanjenjemera, ndipo palibe anatsala chiimire.

Mizere isanu ndi inayi ija Julio anaitumiza ku Ulaya, pamodzi ndi zonse zimene anakonza kuti laibulale imangike pa kompyuta yakale. Analembanso mmene angaonere vutolo: atumize chinthu pa foni yochedwa, ndipo azule chingwe. Panapita miyezi inayi. Yankho linati zalandiridwa, zikomo. Sanalionetse munthu.

Amai Njobvu anagwira ntchito mpaka bungwe linatseka kaofesi ka ku Nyimba njala itatha. Julio anawaikira kabokosi kokhala ndi batani kuti asamawerame pofuna kupereka foni kwa wamaliro. A Mvula anakaona, nakasiya pomwepo. Pa msika alipo ena amene mpaka lero amati utsi uja unali ndi moto wake, ndipo amai Njobvu amawadziwa mmodzimmodzi. Iwo ndi Julio sanakhale abwenzi. Akakumana pa siteshoni ya basi amalonjerana bwinobwino, kenako amai aja amafunsa kuti, "Makina ali bwanji, bambo? Akali osanama?" Julio amayang'ana pansi.

Mafoni a m'manja atabwera, ntchito ya modemu inatha. Julio anatsegula kashopu kake kuseri kwa msika, ndipo ndi komwe ali mpaka pano, tsitsi litayamba kuyera, ukali uli womwewo. Mwezi wathawu mphunzitsi wina wa ku Sasare anabwera ndi kompyuta yake, ili ndi maina a ana olemba mayeso. A Zuze anaikonza, naiyatsa, nayamba kutumiza mndandandawo. Utafika pakati anatambasula dzanja.

"Bambo, musazule," anatero mphunzitsi. "Yalemba kuti ikupita bwino."

"Yalemba," anatero a Zuze, nazula.